Maliro a Mwana wa M'kompyuta

Alamu anga ankalemba mawu a anthu amene kulibe. Ndiyo inali ntchito yawo imeneyo, munthu wamkulu ndi ndevu zake, wophunzira mpaka ku yunivesite, kudzuka mmawa, kusamba, kuvala nsapato, kukwera takisi ya ku Hatfield kukalemba zimene msilikali wa m'kompyuta azinena akalasidwa mwendo. Kumudzi ankangodziwa kuti ali ku Joni pa ntchito ya makompyuta, ndipo apongozi anga akamanena zimenezi ankakweza mawu kuti a nyumba yachitatu amve. Ine ndinakaziona ndi maso angawa, ndiye ndilembe zimene ndinaona.

Ndinafika ku Pretoria chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, mwana wanga wamkazi ali kumsana, asanayambe n'kukwawa komwe. Amuna anga anali atatsogola kale. Ankagwira ntchito ya m'maluwa ku Waterkloof, kunyumba ya mpanda wautali wa mawaya a magetsi, ndipo ankagona komweko m'kachipinda ka kuseri kwa garaja. Abwana awo ananeneratu kuti kachipindako n'ka munthu mmodzi, mkazi ayi, mwana ndiye ayi kawiri. Choncho ine ndi mwana anatisiya ku Capital Park m'manja mwa achimwene awo aakulu, alamu angawo, amene ankachita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya mzungu wina wokalamba. Amuna anga ankabwera Lamlungu lokha. Masiku ena onse denga linali la alamu, kiyi wa alamu, ndipo mapepala anga anali atatha, moti galimoto ya apolisi ikangodutsa pamsewu, mwana ndamukumbatira, ndaima kuseri kwa chitseko. Kakhaleni m'dziko la eni opanda pepala, muli ndi mwana, mudzadziwa kuti khutu limatha kusankha injini ya apolisi pakati pa magalimoto ena onse.

Nditangofika kumene, alamu anali asanayambe kulemba. Ntchito yawo inali kusewera, ati kuyesa gemu. Kampani yake inali ya anyamata ochepa chabe, ambiri azungu, m'zipinda za pamwamba pa mashopu, ndipo ankawapatsa alamu gemu yosatha kupanga kuti aziyendetsa kamunthu ka mmenemo n'kumakagunditsa kukhoma, kukhoma, kukhoma, tsiku lonse, kuti aone ngati pali pamene kangaboole n'kugwera kunja kwa dziko. Akabwera madzulo, ati ndatopa. Lamlungu amuna anga ankakhala pampando, manja ong'ambika ndi minga ali pamaondo, kumvetsera achimwene awo akufotokoza kutopa kwa chala chachikulu, n'kumagwedeza mutu mwaulemu. Ine ndinkatuluka kukayanika matewera kuti nkhope isandiulule.

Kenako anawakweza. Anabwera ndi nkhuku yowotcha ya m'shopu, ati kuyambira lero ndine wolemba. Ine ndinaganiza za buku, buku loti munthu n'kuligwira, kuliika pashelefu, apongozi n'kumalionetsa alendo. Ayi ndithu. Anawapatsa anthu ang'onoang'ono a m'gemu, mlonda wa pageti, mayi wogulitsa mankhwala, msilikali amene ntchito yake ndi kufa basi. Mlondayo ankafunika njira zambirimbiri zonenera kuti ima pomwepo, chifukwa ati wosewera akamva mawu amodzimodzi kawiri amazindikira kuti ndi chidole. Ngati kuti sakudziwa kale. Ndiye alamu ankazungulira m'kanyumba kaja akulankhula okha Chingerezi, mawu aakulu, mawu aang'ono, kubuula, kugwira pamimba, kugwera pasofa, kudzuka, kulemba. Tsiku lina mzungu wa nyumba uja anagogoda kufunsa ngati tikufuna ambulansi.

Ndipo ankatola. Ichi ndinachiona msanga, pajatu munthu wamantha amaona zonse. Ndikakalipira galu wa mzungu, mawa lake mayi wa mankhwala uja akukalipa chimodzimodzi m'Chingerezi. Amuna anga akanena mmene abwana awo amaitanira munthu ndi chala osatembenuka, wamkulu wa asilikali m'gemu wayamba kuitana ndi chala. Palibe chimene ankapempha. Ankangotsinzina diso limodzi, "Mwati bwanji, alamu? Tabwerezani," ine n'kudziwa kuti chapita chimenecho. Sindinkadandaula kwenikweni. Galu ndi wa eni, abwana ndi a eni, atenge.

Mwana ali ndi zaka ngati zitatu, kampani inayamba gemu yatsopano ndipo nkhani yonse anaipereka kwa alamu. Khoma la pabalaza linadzaza timapepala ta mitundumitundu, tomata, tolumikizidwa ndi ulusi wofiira umene anatenga m'chitini changa chosokera osandiuza. Anandiletsa kupukuta khomalo. Anandifotokozera, ine ndisanafunse, kuti nkhani ya m'buku ndi msewu umodzi, koma nkhani ya gemu ili ndi mphambano, wosewera akafika pamphambano amasankha yekha, ndipo wolemba amayenera kulemberatu misewu yonse, ngakhale imene munthu sadzadutsamo. Ankanena zimenezi ataima chotangadza, dzanja m'chiuno, ngati munthu amene walima dimba lonse yekha. Nkhani yake inali ya msilikali wothawa nkhondo amene wapeza kamtsikana kotayika m'mudzi wopsa, ndiye ayende nako kukafuna mayi ake.

Apo ndi pamene anayamba kumuyang'ana mwana wanga.

Zaka zonsezo alamu sanamunyamulepo mwanayo, ankamudumpha ngati nsapato yosiyidwa pakhomo. Mwadzidzidzi ayamba kukhala naye pansi, kumugulira yogati, kumufunsa timafunso. Poyamba ndinasangalala, ndinati magazi adzuka, pajatu mkulu wa bambo ndi bambo wamkulu. Koma ndinaona maso. Sanali maso a bambo wamkulu. Anali maso amene munthu amayang'ana nawo mbuzi pamsika, kuyambira kumano mpaka kumchira. Mwana wanga ankayenda chonyang'ama ndi zala za kumapazi, akamva tulo ankakoka khutu lakumanzere, ndipo ukafuna kumuthandiza kuvala ankakukankha n'kunena kuti ndekha, ndekha. Alamu anabwereka kamera ku ntchito, ati timujambule mwana kuti agogo ake akaone mmene wakulira. Tepi imeneyo kumudzi sinafike.

Lamlungu lina titachoka ku tchalitchi anatiitanira pakompyuta. Anayatsa, tinadikira, kenako pagalasi panabwera msilikali, ndipo pambuyo pake kamtsikana. Nkhope inali ya wina, tsitsi la wina, koma kankayenda chonyang'ama. Msilikali ataima, iko kanaima n'kukoka khutu lakumanzere. Amuna anga anaseka mpaka kutsokomola, anati, "Achimwene, inu ndi oopsa," n'kumunyamula mwana kuti adzione. Mwana analoza galasi n'kuseka nawo. 

Ndinafunsa kuti kamtsikanako kathera kuti. Alamu anakondwa kuti ndafunsa, anandikokera kukhoma, pansi penipeni pamene ulusi wonse unkathera pa timapepala titatu. Pa koyamba, ati kapeza mayi ake. Pa kachiwiri, msilikali akasiya kwa anthu achifundo. Pa kachitatu pali mlatho wa zingwe, adani ali pambuyo, wosewera asankhe kudzipulumutsa kapena kubwerera, ndipo akachedwa kamtsikana kagwera mumtsinje, mayi ake akuona ali tsidya lina.

"Ndiye mwamupha," ndinatero.

"Si ine, alamu. Amasankha ndi wosewera."

"Mlathowo anamanga ndi wosewera?"

Anaseka, anati ndikanapitiriza sukulu bwenzi ndili loya. Kenako anati mathero a mlathowo ndiwo abwino kuposa onse, abwana awo atawawerenga anavula magalasi n'kupukuta m'maso, ndipo gemu ikaliza munthu ndiye kuti wolemba wafika. Wafika kuti, sananene.

Patapita miyezi anabwera ndi pempho. Anayamba ndi kundiyamikira kuti ndimachapa bwino makolala. Kenako anati ku ntchito kuli vuto, mayi wa tsidya lija akufunika mawu. Anayesa mtsikana wina wophunzira za zisudzo ku yunivesite, kulira kwake ati kunkamveka ngati mphaka wopondedwa mchira. Anayesa wina, chimodzimodzi. Ndiye iwo anaimirira pamsonkhano n'kuuza azungu aja kuti kwathu akazi amadziwa kulira, amabuma maliro mudzi wachitatu n'kumva, ndipo kunyumba kwanga ndili naye mmodzi. Ndili naye. Ngati wailesi.

Ndinakana. Aliyense wobadwira kwathu akudziwa kuti maliro sabuma popanda wakufa. Kumeneko ndi kulaula, ndi kuitana. Tili ana tinakwirirapo chitsononkho kuseri kwa khola n'kumalira moseweretsa, mayo ine, mayo ine, amayi anatipeza, anatikwapula ndi nthambi ya pichesi osafunsa kuti wayambitsa ndani. Alamu anakulira m'mudzi woyandikana ndi wathu. Mkwapulo umenewo amaudziwa, mwina zipsera zake ali nazo mkati mwa jinzi yawo ija. Koma anandiyang'ana ngati ndalankhula chinenero cha kumwezi.

"Alamu, izo n'za kumudzi. Kuno ndi ku Joni. Ndi sewero chabe, palibe akufa."

"Ndiye auzeni azunguwo alire okha, poti palibe akufa."

Sanakalipe. Alamu sankakalipa, ankalemba misewu. Mawa lake anangotchula, akumwa tiyi, kuti mzungu wa nyumba wayamba kufunsa kuti m'kanyumbamu mukugona anthu angati, ndipo iwo akhala akumuzemba, koma kaya mpaka liti. Tsiku lina anatchula za mnzawo wa ku ntchito amene akufuna wogawana naye fulati ku Hatfield, pafupi ndi ofesi, chipinda chimodzi. Sananene kuti chokani. Anangondiimika pamphambano n'kundisiya ndisankhe ndekha, kuti mawa adzanene kuti si iwo.

Lamlungu ndinawakokera amuna anga kuseri kwa nyumba, pa waya woyanikira zovala. Anamvetsera akukanda chikhato. Anati achimwene atisunga zaka zonsezi, munthu sungawakane kanthu kakang'ono chonchi, ungopita, ungolira pang'ono, dzina la mwana osatchula, Mulungu amadziwa kusiyanitsa. Ndinawafunsa ngati iwo angagone m'bokosi la maliro kuti ajambulidwe. Anati usalankhule choncho iwe, ukulaula. Ndinawayang'ana, iwo anayang'ana waya.

Ku tchalitchi chathu kunali amayi ena a ku Mulanje, amene anakhala zaka zambiri akugwira ntchito m'nyumba za azungu ndipo ankadziwa aliyense. Nditawauza anati mwanawe usayerekeze. Ndinawafunsa kuti ndikakana ndikagona kuti ndi mwana. Anati tipemphere. Tinapemphera. Denga silinatuluke m'pempheromo.

Ndinapita. Unali mmawa, nyengo imene mitengo ya jakaranda imathothola maluwa mumsewu, mwana ali kumsana ngakhale anali wamkulu woti n'kuyenda, chifukwa ku Hatfield sindikanamuika pansi. M'takisi sindinatsegule pakamwa, kuopa kuti anthu amva kalankhulidwe kanga n'kudziwa kuti si ine wa kuno. Alamu ankacheza ndi dalaivala m'Chizulu chawo chobwereka, n'kumaseka mokweza.

Kuofesi kunkanunkha khofi ndi masokosi. Anthu akuluakulu, ena a dazi kale, zidole za asilikali zili ndandanda pamwamba pa makompyuta awo. Anandipatsa moni mwaulemu, sindinganame, wina mpaka anandibweretsera mpando. Alamu anandionetsa kwa onse ndi dzanja lotambasula. Kenako ananditengera kukachipinda kakang'ono ngati bafa, makoma ake omatidwa masiponji a mabampu ngati mathireyi a mazira, chitseko cholemera, zenera limodzi lagalasi loyang'ana kumene kunakhala bambo wa makina ojambulira mawu. Anati mwana atsale panja, makinawo amamva ngakhale kupuma. Ndinati ayi. Anati taonani mpando uwu, uli pagalasi pomwepa, muzimuona nthawi yonse, ndipo mtsikana uyu amene amatijambulira zithunzi akhala naye. Mtsikanayo anali ndi ndolo pamphuno, anamwetulira, anatulutsa mapensulo a mitundu. Mwana wanga anawalandira. Ndinamumasula ndekha, ndi manja angawa.

Anatseka chitseko, dziko lonse linangoti zii. Ndinamva magazi anga m'makutu. Ndinali nditavekedwa mahedifoni kumakutu, patsogolo panga maikolofoni ndi kagalasi ka TV, ndipo mawu a alamu analowa m'mutu mwanga ngati ali mkati mwa chigaza. Anati ndiziyang'ana kagalasi, akakweza dzanja ndiyambe. Panabwera mlatho, madzi akukokoma m'makutu mwangamo, kamtsikana kakuyenda chonyang'ama pamatabwa, thabwa likuthyoka, timanja m'mwamba, kapita. Dzanja la alamu linakwera.

Palibe chinatuluka.  Anabwezera, kamtsikana kanadzukanso, kanayendanso, kanagwanso. Ndinatulutsa kamawu kenakake, bambo wa makina anakanda mutu. Anabwezeranso. Pakati pa kugwa kulikonse ndinkaponya diso pazenera, mwana ali pampando, miyendo ikulendewera, akujambula. Alamu anayamba kundiphunzitsa kulira, iwo, mwamuna amene pamaliro a bambo awo omwe anatumiza uthenga woti ntchito yachuluka. Ati chichokere m'mimba. Ati ndisaganize za maikolofoni. Ati ndikumbukire maliro amene ndinapitako. Kenako anatsitsa mawu.

"Alamu, tangoganizani kuti ndi wanu."

Ndinatembenuka kuti ndiwatukwane, ndipo diso langa linadutsa pampando. Panalibe munthu. Mapensulo ali pansi, pepala lili pansi, nsapato imodzi. Mtsikana wa ndolo kulibe.

Ndinathamangira chitseko, waya wa mahedifoni unandikoka, chogwirira chake sichinali cha zitseko zimene ndimadziwa, ndikankhe ayi, ndikoke ayi, m'makutu madzi akukokomabe, pakagalasi kamtsikana kakugwanso, ndipo ku Joni ana amasowa, tonse tinkamva nkhani zake ku tchalitchi, ndipo ine ndilibe pepala loti n'kukaima nalo pamaso pa wapolisi kunena kuti mwana wanga wasowa. Chinachokeradi m'mimba. Ndinabuma. Ndinamuitana ndi dzina lake, dzina lonse, ndinaitana amayi anga, ndinamenya galasi ndi zikhato, mayo mwana wanga ine, ndinalira maliro athunthu a mwana wamoyo.

Ndipo ndinaona, pakati pa misozi pomwepo ndinaona bwinobwino. Bambo wa makina anadzuka kuti adzanditsegulire. Alamu anamugwira paphewa n'kumukhazika pansi, diso lili pa ine, chala china chikuzungulira m'mwamba kuti makina asaime.

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Chitseko chitatseguka ndinagwera panja, ndipo mwana anali akubwera m'khonde, nsapato imodzi, atagwira dzanja la mtsikana uja, botolo la zakumwa lili kukamwa. Ati anapempha kukakodza. Mtsikanayo ataona nkhope yanga anafiira, anayamba kupepesa, sori, sori, ndipo ndikhulupirira kuti iye sankadziwa kanthu. Za alamu sindidziwa mpaka lero, kaya anakonza, kaya anangotola mwa chizolowezi chawo. Ndaganiza zaka zambiri ndipo kusiyana kwake sindikuona. Anzawo a ntchito anali atadzaza pakhomo pa chipinda cha makina, wina anayamba kuwomba m'manja, ena anamuyang'ana, anasiya. Alamu maso ali owala, anati, "Eish, alamu. Ndi zimenezo ndendende."

Titafika kunyumba ndinagwada, ine kugwadira munthu ameneyo, ndinati fufutani. Anati dzina alidula, ndisadandaule, mwambo amaudziwa, koma zotsalazo sizilinso m'manja mwawo, ndi katundu wa kampani. Ndinafunsa kuti kulirako kuzimveka kangati. Anandifotokozera mosangalala, ngati ndi uthenga wabwino, kuti nthawi ina iliyonse pamene munthu aliyense, kaya ku Cape Town, kaya ku Ulaya, wachedwa pamlatho paja, mawu anga azimveka. Akafuna kubwereza, abwereza. Kwathu maliro timalira, tsiku limafika, timameta, atha. Awa analibe tsiku lometa.

Masiku otsatira ndinkamuyang'ana mwana ngati mkaka uli pamoto. Akatsokomola, ndagwira pamphumi. Akagona nthawi yaitali masana, ndaika khutu pachifuwa. Ndinamuletsa kuyandikira dziwe losambira la mzungu ngakhale linali louma, lodzaza masamba, ndinamuletsa ndowa, ndinkamusambitsa ndi kapu. Sanadwale. Ndinene zoona, sanadwale ngakhale chimfine, ndipo alamu ankanena zimenezi pafupipafupi, mwaona, ali bwinobwino, ngati munthu amene waponya mwala m'khamu la anthu n'kumanyadira kuti sunagunde aliyense.

Gemu inali isanathe, ndiye Loweruka ankabwera nayo kunyumba kudzaikonza. Ankafuna kuti kulira kuziyamba pa nthawi yake yeniyeni, thabwa likangothyoka, osati msanga, osati mochedwa, choncho ankagwetsa kamtsikanako, kubwezera, kukagwetsanso, masana onse, masipika ali patebulo. Ndinkamutengera mwana panja, koma kanyumbako kanali kakang'ono, mawu ankatitsatira. Tsiku loyamba mwana anasiya kusewera, anayang'ana zenera, anayang'ana pakamwa panga potseka, anandigwira chitenje. Ndinawapempha alamu kuti azivala mahedifoni, anati ayenera kumva mmene wogula adzamvere pabalaza pake.

Loweruka lina ndikuchapa ndinamva kulira kuja kukuchokera kolakwika, osati m'nyumba, koma kuseri kwa thanki la madzi. Ndinapita. Mwana wanga anali atagoneka chidole chake pansi, wachifunditsa kansalu, wagwada, manja ali kumutu, akubuma ndi kamawu kake, mayo mwana wanga ine, ndendende mmene ndinalirira, mpaka pamene mawu anga anathyokera. Atandiona anamwetulira kuti ndimuyamikire.

Sindinamumenye. Dzanja linakwera lokha koma ndinalibweza, chifukwa woyenera kumenyedwa sanali iyeyo. Ndinamunyamula, thovu la sopo lili m'manja, ndinatuluka pageti osatseka, ndinayenda wapansi osayang'ana ngati kukubwera apolisi, mpaka ku tchalitchi kumene amayi a mumpingo ankasesa kukonzekera mawa. Ndinawauza amayi a ku Mulanje aja kuti mwana uyu sagonanso pansi pa denga lija.

Anatisunga masiku angapo m'chipinda chimene ankachita lendi, atatu pamatiresi imodzi. Amuna anga anapita kukapempha abwana awo, chipewa chili m'manja, yankho linali lomwe lija. Amayiwo anandipezera ntchito ya m'nyumba ku Waterkloof, kwa madamu wina amene sankafunsa mapepala, chipinda chilipo, chakudya chilipo, koma mwana ayi. Kulikonse kumene tinagogoda, malo analipo a ine ndekha, apo ayi panalibe. Amayiwo ankapita kumudzi pa Khirisimasi, anati atha kundinyamulira mwana mpaka kwa achemwali anga aakulu ku Dedza. Ndikanapita naye ndekha, koma kumudzi chaka chimenecho kunali njala, ndipo pakamwa ponse pankayang'ana ku Joni. Ndinamukonzera kachikwama. Ndinawauza amayiwo kuti basi ikamawoloka mtsinje azimugwira, anati ndamva, ndinabwerezanso, anati mwanawe ndamva. Mwana anakhala kuwindo, ankaganiza kuti ndikubwera pambuyo.

Alamu atamva anapita kwa amuna anga odabwa kwambiri. Ati koma dzina ndinalidula. Ati akazi ako amatenga zinthu mopitirira. Kanyumba ka ku Capital Park anachokamo mwezi womwewo kupita ku fulati ya ku Hatfield ija, imene ati anali atagwirizana kalekale ndi mnzawo. Ndiye onani nokha kumene misewu yanga yonse inkathera.

Gemu inatuluka. Ndinaiona kamodzi pawindo la shopu ina m'tauni, kabokosi kake, msilikali ndi kamtsikana atagwirana manja. Ndinawoloka msewu. Kunyumba kwa madamu, amuna awo ankakonda magemu, Loweruka ankadzitsekera m'chipinda, mfuti zikulira, ndipo ine ndikamva phokoso la madzi ndinkaima ndi simbi m'mwamba, kudikira mawu anga. Sindinawamve kumeneko, koma malaya awiri ndinawotcha.

Ati gemuyo sinayende malonda kwenikweni, kampani inatsekedwa patapita zaka zochepa, alamu anayamba kulemba timagemu ta m'mafoni, ta kuthamangitsa timagalimoto, topanda mayi, topanda mwana. Ndinati afika tsopano. Koma kenako kampani ina ya kunja inawaitana. Amuna anga anandiuza monyadira kuti chimene chinawatsegulira chitseko ndi mlatho uja, azungu a kumeneko anauona n'kunena kuti munthu uyu amachidziwa chisoni. Masiku ano ati amaitanidwa kukalankhula kwa ophunzira, kuwaphunzitsa kulemba nkhani zochokera mumtima. Ndimalakalaka nditakhala kumbuyo kwa holo tsiku lina, osanena kanthu, kungokhala poti andione.

Mwana wanga ali moyo. Ndilembe kawiri, ali moyo, ndi wamtali kuposa ine. Ndinakwanitsa kupita kumudzi iye atayamba kale sukulu, mano akutsogolo ataguluka n'kumeranso ine kulibe. Ndinatsika minibasi ndi zikwama za ku Joni, achemwali anathamanga kudzandilandira, anaitana mwana kuti bwera udzaone amene wabwera. Anatuluka m'nyumba, anapukuta manja m'diresi, anagwada chapatali pang'ono monga amachitira mwana woleredwa bwino, anandipatsa moni n'kufunsa ngati ndayenda bwino. Kenako anatembenukira kwa achemwali.

"Amama, alendowa ndiwatengere madzi?"